Mitambo yobereka nyenyezi: momwe mungaionere ndi mabainokyula kapena telesikopu yaing'ono

Munthu amene wazolowera zithunzi za Hubble, telesikopu ya m'mlengalenga, pa intaneti amakhumudwa akaika diso pa telesikopu koyamba. Amayembekezera mitundu yofiira ndi yobiriwira, koma zimene akuona ndi kautsi kotuwa. Telesikopuyo siinawonongeke ayi. Nkhani ili m'diso la munthu ndiponso mu mdima wa malo amene waima. Amene wamvetsa zinthu ziwirizi amaona zambiri ndi mabainokyula a 10x50 kuposa mnzake amene wagula chida chodula n'kumachigwiritsa ntchito pakhonde, babu likuyaka kumbuyo kwake.

Mtambo wobereka nyenyezi umatchedwa nebula yowala. Ndi mtambo waukulu wa gasi ndi fumbi, ndipo gasi wambiri mmenemo ndi haidrojeni. Mbali zina za mtambowo zimakokana zokha chifukwa cha kulemera kwake mpaka pakati pake patatentha, nyenyezi n'kubadwa. Zina mwa nyenyezi zatsopanozo zimakhala zazikulu ndi zotentha kwambiri, ndipo kuwala kwake kwa ultraviolet, kumene maso sakuona, kumachotsa maelekitironi pa maatomu a gasi wozungulira. Maelekitironiwo akamabwerera, gasiyo amawala. Sawala mitundu yonse ngati dzuwa, koma m'timizere tochepa: haidrojeni amatulutsa kufiira pa 656 nm (nm ndi nanomita, muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala) ndi kubiriwira kopita ku buluu pa 486 nm, pamene okosijeni amatulutsa kubiriwira pa 496 nm ndi 501 nm. William Huggins ataona mizere yobiriwirayi m'ma 1860, akatswiri ankaganiza kuti ndi ya chinthu chatsopano chimene padziko pano palibe, mpaka Ira Bowen anasonyeza mu 1927 kuti ndi okosijeni yemweyu, amene amawala motero pokhapokha gasi akakhala wopyapyala kwambiri. Manambalawa musawadumphe. Ndi amene amafotokoza zonse zimene muone ndi zimene simudzaona.

Diso lili ndi maselo amitundu iwiri. Ena amagwira ntchito masana ndipo amazindikira mitundu. Ali ambiri pakati penipeni pa diso. Ena amagwira ntchito mumdima, sazindikira mitundu, ali ambiri cham'mbali, ndipo amamva bwino kuwala kwa pafupi ndi 500 nm koma kufiira sakumva n'komwe. N'chifukwa chake kufiira kumene kamera imajambula inu simukuona, ndipo nebula imaoneka yotuwa, nthawi zina yobiriwira pang'ono. Pali zinthu zitatu zoti muchite nazo diso limeneli. Choyamba, lipatseni mphindi 20 mpaka 30 mumdima weniweni. Kuyang'ana foni kamodzi kokha kumabweza ntchito yonseyo kumbuyo, choncho foni ikhale m'thumba, kapena ngati mukugwiritsa ntchito Stellarium, pulogalamu yoonetsa mapu a nyenyezi, iikeni pa mtundu wofiira ndi kutsitsa kuwala mpaka pansi. Tochi ikulungeni ndi pulasitiki yofiira kawiri kapena katatu. Tochi yofiira yowala kwambiri imawononganso. Chachiwiri, musayang'ane nebula mwachindunji. Lozani diso pambali pang'ono, maganizo anu ali pa nebulayo, ndipo muona ikukula. Chachitatu, gogodani telesikopu pang'ono ndi chala. Diso limagwira msanga chinthu chozilala chikamayenda kusiyana ndi chikaima.

Mwezi ndi mdani wamkulu. Ukakhala wathunthu kapena pafupi kukhala wathunthu, ingopumulani. Ukadutsa pamenepo umachedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50 usiku uliwonse, ndiye pakatha sabata imodzi madzulo onse amakhala amdima. Kuyambira pamenepo mpaka masiku atatu kapena anayi mwezi watsopano utaoneka, muli ndi mausiku pafupifupi khumi abwino pa masiku 29 ndi theka alionse. Konzekerani amenewo. Malo akhale kutali ndi tauni, ndipo chofunika kwambiri n'chakuti mbali imene mukuyang'ana ikhale yopanda kuwala kwa tauni. Ngati mukufuna za kummwera, tulukirani kummwera kwa tauniyo kuti kuwala kwake kukhale kumbuyo kwanu. Mayeso ake ndi osavuta: ngati mlalang'amba ukuoneka bwino ndi mipata yake yakuda, malowo ndi abwino. Midzi yambiri ya ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete ili ndi thambo limene anthu a ku London kapena Johannesburg amayenda maola ambiri kuti alipeze.

Za zida

Manebula owala ndi aakulu. Safuna kukulitsa kwambiri. Amafuna kuwala kochuluka ndi malo otambasuka. Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Telesikopu ya galasi la 60 mm yolembedwa pabokosi kuti imakulitsa ka 500 ndi yonyenga, chifukwa malire enieni ndi pafupifupi kawiri kukula kwa galasi m'mamilimita, kutanthauza ka 120, ndipo pa nebula simufunika kufika ngakhale pamenepo.

Yambani ndi mabainokyula. Pa 10x50, nambala yoyamba ndi kukulitsa, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo. Gawani 50 ndi 10 ndipo mupeza 5 mm, kukula kwa kadontho ka kuwala kamene kamatuluka kulowa m'diso. A 7x50 amatulutsa 7 mm, zimene zimakwanira diso la wachinyamata mumdima, koma mwana wa diso wa munthu wachikulire nthawi zambiri satsegukanso kufika pamenepo, ndiye kuwala kwina kumangotayika. Ine ndimalimbikitsa 10x50 kwa aliyense. Pogula, makamaka ogwiritsidwapo kale, pewani a zoom ndi amene magalasi ake ndi ofiira kwambiri, chifukwa utoto umenewo umadula kuwala. Yang'anani nawo mlongoti wakutali, muwatalikitse pang'ono ndi nkhope: ngati mlongotiwo ukuoneka pawiri kapena maso akukoka, maprizimu a mkati anasuntha ndipo usiku nyenyezi iliyonse idzaoneka pawiri. Yang'ananinso mkati ndi tochi ngati muli timizere tonga ulusi, chizindikiro cha nkhungu imene yamera pa galasi. Manja amanjenjemera, ndiye tsamiritsani zigongono pa khoma kapena padenga la galimoto, ndipo pa zinthu za pamwamba gonani chagada pa mphasa.

Ngati mukugula telesikopu, ya mtundu wa Dobsonian (chubu chokhala ndi galasi lalikulu kumunsi, chimene mumachikankha ndi dzanja) ya 150 mm kapena 200 mm ndiyo imapereka galasi lalikulu pa ndalama zochepa. Kukulitsa kumapezeka pogawa focal length (mtunda wochokera pa galasi kufika pamene kuwala kumakumana) ya telesikopu ndi ya eyepiece, kagalasi koikapo diso. Ya 200 mm nthawi zambiri imakhala ya 1200 mm. Ndi eyepiece ya 25 mm mumapeza ka 48, kadontho ka kuwala ka 4 mm, ndi thambo lokula pafupifupi digiri imodzi. Ndi ya 10 mm mumapeza ka 120. Nthawi zonse yambani ndi ya 25 mm. Finder, katelesikopu kakang'ono kolozera ka pambali pa chubu, iwongoleni masana pa mtengo kapena mlongoti wakutali mamita mazana angapo, dzuwa lili kumbuyo kwanu, ndipo musalozetse telesikopu kapena mabainokyula kudzuwa ngakhale kamphindi, chifukwa diso limapsa nthawi yomweyo. Tulutsani telesikopu panja mphindi 30 mpaka 60 musanayambe; galasi lofunda limatulutsa mpweya wovinavina mkati mwa chubu ndipo nyenyezi zimaoneka zofufuma. Ngati yayenda pa msewu wa mabampu, onani collimation, kutanthauza kulunjikana kwa magalasi a mkati: chotsani nyenyezi yowala pa focus pang'ono, ndipo mthunzi wakuda ukhale pakati penipeni pa bwalo lowalalo. Ukapendekera mbali imodzi, konzani zomangira zitatu za kumbuyo kwa galasi lalikulu, pang'onopang'ono, chimodzi panthawi.

Fyuluta ya UHC, kagalasi kosefa kuwala komangira pa eyepiece, ndi chinthu chimodzi chowonjezera chimene chili ndi phindu lenileni. Imalola timizere ta 486 mpaka 501 nm tija n'kutsekereza zotsalazo, kotero thambo limada pamene nebula imatsala momwe inalili. Siiwonjezera kuwala, imachotsa chimene chimaphimba. Ya O III ndi yopanikiza kwambiri, imalola okosijeni yekha, ndipo imazimitsa nyenyezi zambiri. Zonse ziwiri zimagwira bwino pa kukulitsa kochepa. Mukaziika pa ka 150 kapena 200 chithunzi chimada mopitirira. Funditsani mutu ndi chitenje chakuda kuti kuwala kwa m'mbali kusagunde pa galasi la fyuluta n'kubwerera m'diso.

Orion

Nebula ya Orion, imene pa mapu a nyenyezi imalembedwa M42, ili pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 1,350, ndipo ndi malo apafupi kwambiri kumene nyenyezi zikuluzikulu zikubadwa. Pezani nyenyezi zitatu zondondozana za lamba wa Orion, gulu la nyenyezi limene nebulayi ilimo. Mbali imodzi kuli Betelgeuse yofiirira, mbali inayo Rigel yoyera. Kumbali ya Rigel, madigiri anayi kapena asanu kuchokera pa lamba, pali kamzere kena ka tinyenyezi. Kapakati kake sikaoneka kakuthwa ngati anzake. Ndiyo nebulayo. Poyeza madigiri, tambasulani mkono: chibakera ndi madigiri pafupifupi 10, kachala kakanise ndi digiri imodzi. Mabuku olembedwa ku Ulaya amati kamzereka kali pansi pa lamba, koma kuno mukayang'ana kumpoto kali pamwamba pake.

Vuto la Orion kwa ife ndi nyengo. Imakwera pamwamba penipeni cha m'ma 9 koloko usiku kumapeto kwa Januwale, pakati pa dzinja. Komabe usiku umene mvula yagwa masana n'kukanganuka madzulo ndi wabwino kuposa wina uliwonse, popeza fumbi lonse lasambitsidwa. Zida zikhale zokonzeka. Njira ina ndi kudzuka cha m'ma 3 koloko mbandakucha mu Seputembala ndi Okutobala, ngakhale kuti nthawi imeneyo utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimazilalitsa thambo. Utsiwo umavuta kwambiri chapansi, ndipo mwayi wake Orion imakhala pamwamba. Ku Lilongwe M42 imafika madigiri pafupifupi 81 kuchokera pansi, ndipo pamenepo Dobsonian imavuta kuitembenuza chifukwa chubu chaima chilili. Ionereni ola limodzi ndi theka kapena awiri isanafike pamwamba, kapena itadutsa.

M'mabainokyula muona kautsi kowala kozinga nyenyezi ziwiri kapena zitatu. Pa telesikopu, pa ka 48, pakati pali powala kwambiri, ndipo mapiko awiri atambasuka n'kupinda. Pali kampata kakuda kamene kamalowa mpaka pakati. Limenelo ndi fumbi lozizira lomwe lili kutsogolo, osati malo opanda kanthu. Kuseri kwa fumbilo kuli kachigawo kena kozungulira nyenyezi imodzi, M43. Khalani pa eyepiece mphindi 15 osachoka. Pa mphindi yoyamba mumaona pakati pokha. Kenako mapiko amatalika, ndipo pamalo amdima weniweni amatsala pang'ono kukumana kumbuyo. Pa telesikopu ya 200 mm anthu ambiri amaona kubiriwira pakatipo, ndipo pa manebula onse obereka nyenyezi apa ndi pamene mtundu umaoneka mosavuta.

Kenako ikani eyepiece ya 10 mm, fyuluta mutachotsa, muyang'ane Trapezium, nyenyezi zinayi zothithikana pakati. Galileo anaona zitatu mwa izo mu 1617. Yowala kwambiri, Theta-1 Orionis C, ndiyo imatulutsa mbali yaikulu ya ultraviolet imene imawalitsa mtambo wonse. Zinayizi zimapatukana ngakhale pa telesikopu ya 70 mm pa ka 40 kapena 50. Pali zina ziwiri zozilala, E ndi F, zimene zimafuna galasi la 100 mpaka 150 mm, kukulitsa kopitirira ka 120, ndi mpweya wodekha. Zikakana, kawirikawiri chifukwa chake ndi galasi lofunda, collimation, kapena mukuyang'ana pamwamba pa denga la malata limene likutulutsabe kutentha kwa masana. Nyenyezi zimenezi zili ndi zaka zosapitirira mamiliyoni ochepa, pamene dzuwa lathu lili ndi zaka mabiliyoni 4.6, ndipo m'ma 1990 Hubble inajambula mu mtambo womwewu nyenyezi zazing'ono zozingidwa ndi mbale za fumbi, zipangizo zopangira mapulaneti. Pa ka 120 zinthu zimatuluka m'chithunzi pasanathe mphindi ziwiri chifukwa dziko likuzungulira, ndiye phunzirani kukankha chubu pang'onopang'ono diso lisanachoke.

Carina

Kwa ine, nebula yoyamba kwa munthu wa kuno ndi ya Carina, NGC 3372, osati Orion. Ndi yaikulu kuposa, yotambalala madigiri pafupifupi awiri, ngakhale ili kutali zaka za kuwala pafupifupi 7,500, ndipo nyengo yake ndi yabwino: imakwera pamwamba cha m'ma 9 koloko pakati pa Epulo, ndipo imaoneka bwino madzulo mpaka Juni, mvula itatha, fumbi lisanayambe. Ku Britain siioneka konse. Nicolas-Louis de Lacaille anailemba ali ku Cape, ku South Africa, m'ma 1751 ndi 1752. Ku Lilongwe imafika madigiri pafupifupi 44, ku Blantyre 46, msinkhu wosapweteka khosi.

Yang'anani kummwera mupeze Southern Cross, nyenyezi zopanga mtanda. Samalani ndi mtanda wina waukulupo umene uli kumadzulo kwake, False Cross. Weniweni ndi waung'ono, wowala, ndipo nyenyezi ziwiri zowala, Alpha ndi Beta Centauri, zimaulozera. Mtanda weniweniwo ukaima chilili, yezani chibakera chimodzi ndi zala ziwiri kupita kudzanja lamanja, motsatira mlalang'amba. Pali chigamba chowala chooneka ndi maso. M'mabainokyula muona mtambo wogawidwa ndi mpata wakuda wonga chilembo V. Musasokoneze ndi magulu a nyenyezi oyandikana nawo: NGC 3532, gulu lothithikana chakum'mawa pang'ono, ndi IC 2602, gulu la nyenyezi zowala madigiri anayi kapena asanu kummwera. Onsewa ndi okongola, koma mukawayang'anitsitsa amasweka kukhala nyenyezi, pamene nebula imakhalabe utsi.

Pa telesikopu siikwana m'chithunzi chimodzi. Ikani UHC pa eyepiece ya 25 mm kapena 32 mm, muyambire pa nsonga ya V, muziyenda pang'onopang'ono kunja mbali iliyonse. M'chigawo chowala kwambiri muli nyenyezi ya mtundu wa lalanje, Eta Carinae. Mu 1843 inawala mpaka kukhala yachiwiri kwa Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse usiku, kenako inazilala mpaka kusaonekanso ndi maso, ndipo m'zaka zaposachedwapa yakhala ikuwalanso pang'onopang'ono. Zinthu zimene inataya pa kuphulika kumeneko zinapanga kamtambo ka mbali ziwiri kotchedwa Homunculus. Kuti mukaone, chotsani fyuluta, kwezani kufika ka 150 kapena 200, ndipo nyenyeziyo ioneka yosakuthwa, yokhala ndi timatumba tiwiri. Ambiri amaganiza kuti focus yalakwika. Yerekezani ndi nyenyezi yoyandikana nayo, imene idzakhala kadontho kakuthwa. Pambali pake pali kachigamba kakuda kotchedwa Keyhole, kamene John Herschel anakajambula pamanja ali ku Cape m'ma 1830. Lero sikaoneka ndendende ngati m'chojambula chake, popeza nyenyezi imene inkawalitsa m'mbali mwake inasintha.

Julayi ndi Ogasiti ndi nthawi ya gulu la nyenyezi la Sagittarius, pamene pakati pa mlalang'amba pamadutsa pafupi ndi pamutu pathu. Tsatirani Scorpius, gulu la nyenyezi longa chinkhanira, kuchokera pa Antares yofiira mpaka kumchira, kenako kum'mawa kwake mupeze nyenyezi zisanu ndi zitatu zimene mapu amazitcha Teapot chifukwa zimaoneka ngati tipoti. Madigiri asanu ndi limodzi kumpoto kwa nsonga ya mlomo wake kuli Lagoon, M8, yooneka ndi maso pamalo amdima. Mpata wakuda umaidula pakati, mbali imodzi kuli gasi wowala, mbali inayo gulu la nyenyezi zatsopano, NGC 6530. UHC imaikulitsa kwambiri. Digiri imodzi ndi theka kumpoto kuli Trifid, M20, yaing'ono ndi yozilala. Timipata take takuda timafuna galasi la 150 mm ndi ka 60 mpaka 100. Theka lake lakumpoto siliwala lokha, limangobweza kuwala kwa nyenyezi, ndiye mukaika fyuluta limasowa. Pafupifupi chibakera chimodzi kumpoto kuli M17, imene imaoneka ngati nambala 2 yokhala ndi mchira wautali, ndipo pa telesikopu yaing'ono imapambana Trifid kutali. Imadutsa pafupifupi pamutu penipeni ku Blantyre, monga momwe M16, madigiri awiri ndi theka kumpoto kwake, imachitira ku Lilongwe. M16 ndi kumene kuli zipilala za gasi zimene Hubble inajambula mu 1995, koma musayembekezere zambiri: popanda fyuluta muona gulu la nyenyezi basi, ndipo zipilalazo zimafuna galasi la 250 mm kapena kuposa, ndi thambo lakuda zedi.

Miyezi imeneyi ili ndi mavuto ake. Kumapiri a kummwera, cha ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, chiperoni chimatseka thambo masiku angapo motsatizana. Kulikonse kuzizira kumabweretsa mame, ndipo chizindikiro chake ndi nyenyezi zowala kuyamba kukhala ndi nkhungu yozungulira pamene zozilala zikusowa. Finder ndi eyepiece ndizo zimayamba. Musapukute ndi malaya, mukanda galasi. Sungani eyepiece ina m'thumba la jekete kuti ikhale yofunda n'kumasinthanitsa, musapumire pa galasi, ndipo kutsogolo kwa finder kapena mabainokyula vekani chubu cha katoni chotalika kamodzi ndi theka kukula kwa galasi. Mukabwerera m'nyumba siyani zida zosatseka mpaka ziume, kenako muzisunge m'bokosi lotseka bwino ndi timapaketi ta silica gel. Kutseka galasi lonyowa ndiko kumameretsa nkhungu ija, makamaka m'dzinja. Valani zofunda kuposa mmene mukuganizira, pakuti munthu woima malo amodzi amazizidwa msanga, ndipo m'madera otsika musaiwale mankhwala othamangitsa udzudzu ndi nsapato zotseka.

Yotsala ndi Tarantula, NGC 2070, imene siili mu mlalang'amba wathu n'komwe. Ili mu Large Magellanic Cloud, mlalang'amba wina waung'ono woyandikana ndi wathu, pa zaka za kuwala pafupifupi 160,000, ndipo ikanakhala pafupi ngati Orion bwenzi ikuchititsa zithunzithunzi usiku. Pafupi nayo ndi pamene panaphulika nyenyezi yaikulu (supernova) mu Febuluwale 1987. Nyengo yake ndi yofanana ndi ya Orion. Pezani Canopus, nyenyezi yowala kwambiri kummwera, mutsike zibakera ziwiri kulowera kummwera, ndipo muona kamtambo kamene sikasuntha ndi mphepo. Tarantula ndi kadontho kowala m'mphepete mwake. Ku Lilongwe siipitirira madigiri 35, ndiye utsi wa Okutobala umaiwononga kwambiri kuposa Orion. Idikirireni usiku wokanganuka wa Disembala kapena Januwale. Pa telesikopu ya 150 mm ndi fyuluta ya O III, pa ka 60 mpaka 80, timiyendo take tokhotakhota timaoneka, ndipo pakati pali kadontho kamene kamaoneka ngati nyenyezi imodzi koma ndi gulu la R136, momwe muli zina mwa nyenyezi zolemera kwambiri zodziwika.

Chilichonse chimene mwaona, chijambuleni pa pepala. Lembani bwalo la masentimita 8, ikani kaye nyenyezi zowala ndi pensulo, kenako pakani nebula mopepuka n'kufafaniza ndi chala, powala pakhale pakuda kwambiri. Pambali lembani tsiku, nthawi, eyepiece, fyuluta ndi mmene thambo linalili. Kujambula kumakakamiza diso kufunsa kuti m'mphepete mwathera pati ndipo mbali yowala ndi iti. Amene akufuna mitundu agwiritse ntchito kamera pa tripod: lenzi ya 50 mm, f/2.8, ISO 1600, masekondi 6 mpaka 8 pa chithunzi chilichonse kuti nyenyezi zisakoke mizere, focus yapamanja pa nyenyezi yowala, zithunzi 50 kapena 100, n'kuziphatikiza pa kompyuta ndi Siril kapena DeepSkyStacker, mapulogalamu aulere. Pakapita mphindi zingapo bwezerani nebula pakati pa chithunzi, apo ayi pulogalamuyo idzadula m'mbali monse pophatikiza.